Jipi Yamoyo ndi Jipi Yakufa

Tinanyamuka pa Balaka Lachiwiri m'mamawa, ine ndi amalume anga, a Fabiano. M'lamba mwanga munali ndalama zonse zimene ndinakhetsera thukuta ku Halale, komwe ndinaphunzira kuyendetsa galimoto. Ndinkapita kwa Mposa kukagula jipi yotsala pa nkhondo, yokoka ndi mawilo onse anayi, yoti ndizinyamulira nsomba za ku Chilwa ngakhale m'dzinja.

Amalume anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire. Ntchito yawo inali yogogoda mawilo a sitima pa siteshoni, kumvetsera ngati lina lang'aluka. Nyundo yawo anaitenga, kamba n'kuiwala.

Lole ya Mmwenye inatitula pa Liwonde titalipira masheleni awiri aliyense. Tinaoloka Shire pa pantoni, chombo choolotsa anthu ndi magalimoto, n'kudya chinangwa chootcha cha tiki. Lole ina inatisiya kupitirira Kasupe, kwinako tinamaliza wapansi.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mwini jipi, mzungu wosaka ng'ona, anali atabwerera kwawo, malonda atawasiya m'manja mwa kapitawo wake, Che Saidi. Injini inalira bwino, mtima wanga n'kugweratu. Koma amalume anakwawira kunsi, n'kumangoti ngo! ngo! khutu lili tcheru.

"Mafupa ake ngabwino, mphwanga," anatero akutuluka. "Koma sipuling'i yakumbuyo kumanzere yalankhula ngati mbiya yosweka."

Che Saidi anaseka. "Iyayi, bambo inu ndinu mfiti! Chabwino, nditsitsako mtengo."

"Musatsitse. Nanga iyo?"

Amalume ankaloza jipi ina pansi pa mtengo wa mango, yopanda injini, nkhuku ikufungatira mazira pampando wakumbuyo. Anandiuza kuti mapaundi khumi amene ndinapatula okonzetsera ndigulire chiphakasa chimenecho. Ndinapsa mtima.

"Malume, ndigule mtembo? Ikadzaonongeka yamoyoyi ndidzagwira mtengo wanji?"

"Paundi sungaimange kunsi kwa galimoto," anandiyankha. "Chitsulo cha jipi ukachiitanitsa ku Limbe, chidzafika mvula itatha."

Ndinapereka ndalamazo. Nkhuku Che Saidi anatipatsa ya basera, poti inakana kutsika.

M'mawa mwake tinaphatika udzu m'matayala ophwa a yakufayo, n'kuimanga ndi tcheni kumbuyo kwa yamoyo. Amalume anakhala pa chiwongolero chake ali njo, ngati bwanamkubwa. Pa pantoni anthu anatiseka mpaka misozi. Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa, "Malirowa mukukaika kuti, abambo?" Ndinachita manyazi kwambiri.

Titatsala pang'ono kufika pa Balaka, dzuwa lili paliwombo, tinagwa m'kakhwawa. Phwaa! Jipi yamoyo inakhala pansi, kumbuyo kumanzere, sipuling'i ija itathyoka. M'thumba ndinali ndi masheleni atatu okha, ndipo ndikanakhala ndi mapaundi aja akanandithandiza chiyani pathengo?

Amalume sananene kuti "ndinakuuza." Anagogoda masipuling'i a yakufa ija, nasankha yolira ngati belu la tchalitchi. Tinamasula, n'kumanga, dzuwa lisanalowe tili pakhomo.

Ine ndinkadziyesa wodziwa galimoto poti ndinali ndi laisensi. Tsikulo ndinawavulira chipewa amalume, ndipo sindinachivalenso pamaso pawo. Jipi ija inandidyetsa zaka zambiri, ikudya mnzake pang'onopang'ono. Ndikafuna kugula chilichonse chachitsulo, mpaka lero ndimayamba ndagogoda. Nkhuku nayo inaswa anapiye asanu ndi awiri, pampando womwe uja.