Kapitawo Pepani ndi Tulo ta Apongozi

Pa shopu yopanga mipando ndi mabedi ija, kapitawo ankangodziwika kuti Pepani, chifukwa anali munthu woti ukamuponda phazi, amayamba ndi iye kupepesa. Anakulira mu utuchi momwemo, kupala matabwa mpaka tsitsi linathawa pachipumi. Ukapitawo anaupeza chifukwa cha manja, osati pakamwa. Wina akachedwa, Pepani ankangoyang'ana wotchi mwachisoni ngati yalakwa ndi wotchiyo.

Mtanda wake unali umodzi: madala opaka vanishi anali apongozi ake, bambo a mkazi wake, ndipo ntchitoyo anawapezera ndi iye yemwe.

Madalawo dzanja linali labwino, koma tulo. Akangodya masana ankazemba n'kukadzifunditsa pa bedi loonetsa makasitomala, kuseri kwa makabati. Pepani ankadziwa, koma ankangodutsa monyang'ama kuti asawadzutse. Tsiku lina mayi wina wofuna bedi anakhala m'mphepete kuti amve kufewa kwa matiresi. Bulangeti linatembenuka n'kunena kuti, "Tasunthirani uko." Mayiyo anatuluka nsapato zili m'manja.

Abwana, mayi wosaseka ndi munthu, anaitana Pepani ku ofesi.

"Munthu uja aime kaye ntchito mlungu uno. Mukamuuze ndinu."

"Abwana, ajatu ndi apongozi anga."

"Kunyumba kwanu. Pano ndi wantchito."

Pepani anazungulira shopu yonse, kupukuta makina oyera kale. Kenako anapita kwa madalawo, chipewa chili m'manja, mawondo atapinda pang'ono.

"Bambo, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Lankhulani, vanishi akuuma."

"Pepani bambo, kuli mawu ochokera kwa akuluakulu. Akuti thupi la munthu limafuna kupuma. Mukapumeko mlungu uno."

"Mukundiimitsa ntchito, akamwini?"

"Ayi, bambo. Eya. Pang'ono pokha."

Madalawo anatsuka bulashi bwinobwino, kuvala jekete. "Mwana wanga ndinakupatsani ndi manja awiri," anatero, n'kutuluka.

Madzulo Pepani anafika kunyumba. Anapeza apongozi ali pa mpando wake wa pabalaza, miyendo patebulo, wailesi pamimba.

"Kwawo kulibe wowaphikira masana," anatero mkazi wake. "Mwawaimitsa ndinu, ndiye muwasunge."

Madalawo sanadandaule n'kamodzi komwe. Ankadzuka dzuwa litakwera, kumaliza madzi otentha onse, n'kumayenda m'nyumba ndi masilipasi a mwini nyumba. Pepani akamalowa ankamulonjera kuti, "Abwana afika, ana inu khalani bwino, angakuimitseni," ana n'kumagubuduka ndi phwete. Pepani ankadyera pa kampando ka kukhitchini, mbale ili pamwendo.

Mlungu usanathe, anakagogoda ku ofesi.

"Abwana, munthu uja walapa."

"Wanena yekha?"

"Sananene, koma nkhope ikuonetsa."

Abwana anamuyang'ana ngati akudziletsa kuseka. "Abwere mawa. Koma akagonanso, muima nonse awiri."

Pepani anaganiza za mlungu wathunthu ali pabalaza limodzi ndi apongozi. Kuyambira pamenepo, anthu akangomaliza kudya, ankakoka kampando n'kukhala pafupi ndi madalawo kuti tulo tisawagwire, kuwafunsa za atsikana amene anawakana ali mnyamata. Madalawo ankatsutsa mwamphamvu kuti palibe anawakanapo, bulashi ikuyenda, mpaka nthawi yowerukira.