Gitala ya Khosi Lalitali ndi Mtondo wa Amayi Aakulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi aakulu, a Felisita, anamwalira, ndipo ndi chaka chomwecho chimene ndinagwira gitala koyamba. Kwathu ndi kwa Chiwalo, kumene nthawi imeneyo magetsi tinkangowaona tikapita ku Boma kuchipatala. Amayi aakuluwo anali mkulu wawo wa amayi anga, bere limodzi. Amuna awo, a Lusiyano, anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo ana tonse tinkawaitana kuti abambo aakulu. Awiriwa Mulungu sanawapatse mwana. Anthu ankaseka kumbali kuti m'malo mwa ana, nyumba imene ija inabereka magitala.

Analipo anayi, onse amagetsi, onse akale kuposa ukwati wa amayi anga. Abambo aakulu anabwera nawo kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito yoperekera zakudya muhotela, n'kumaimba m'bandi Loweruka. Ankawakoleka kudenga atawakulunga m'masaka kuopa chiswe, ndipo ukalowa m'nyumbamo unkalandiridwa ndi fungo la mafuta a makina osokera amene ankapukutira nsambo. Ina inali yofiira yong'aluka pamimba, ina yoyererako ngati mano a munthu wosuta, ina yakuda. Koma yachinayi ndiyo inkatiseketsa anafe. Inali ndi thupi laling'ono lokhala ndi nyanga ziwiri ngati za ng'ombe, ndi khosi lalitali lopitirira zinzake zonse. Timizere tachitsulo ta pakhosipo, timene iwo ankati mafureti, pa zinazo tinkathera chapamakumi awiri, koma pa iyi tinkapitirira makumi atatu, mpaka kukalowa m'mimba mwa gitala.

Amayi anga magitalawo sankawafuna n'komwe. Ankati mkulu wawo wakalamba akufolera udzu pamene malata ake ali lende kudenga m'masaka. Ankatinso mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo tsiku lina adzangowamanga panjinga n'kusowa. Komatu munthuyo anakhala pamudzipo zaka zambirimbiri osaterereka.

Chimene ndimakumbukira kwambiri cha amayi aakulu ndi nyimbo yawo ya pamtondo. Inali ya Chilomwe, imene amayi awo anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki. Ankaimba awiri ndi amayi anga akamasinja: amayi aakulu ankatsogolera, amayi anga n'kumavomera chapansipansi. Chakumapeto kwake mawu a amayi aakulu ankakwera, n'kukwerabe, mpaka kufika pamene iwe womvera unkagwira mpweya kuopa kuti aduka. Sankaduka. Atamwalira, amayi anga ankasinja okha, ndipo kunkangomveka munsi basi.

Mwambo wathu aliyense ankaudziwa, ngakhale ife ana. Mkazi akamwalira, mwamuna amakhalabe pamudzi mpaka chiliza chimangidwe. Tsiku limenelo eni mbumba amamusudzula, kumuthokoza n'kumumasula kuti abwerere kwawo. Wokhala ndi ana nthawi zina amatsala chifukwa cha anawo. Abambo aakulu analibe chowagwira, choncho tonse tinkadziwa kuti tikakolola chaka chotsatira adzanyamuka kubwerera kwawo, cha ku Fort Lister.

Tsiku lina masana ndikusenda nandolo pakhonde, ndinaona kuti abambo aakulu akundiyang'anitsitsa m'manja.

"Rozina, mwanaka, tabwera ndione zala zako," anatero.

Anazitembenuza uku ndi uku ngati munthu wosankha singano pamsika. Kenako anandionetsa zawo. Zinali zitatupa m'mfundo chifukwa cha nyamakazi ndi khasu, chala chamkombaphala chitapindika osawongokanso. Anatsitsa gitala ya khosi lalitali ija, n'kuyesa kuika chala kumapeto kwenikweni kumene timizere timapanikizana. Chala chimodzi chinaphimba mipata itatu.

"Waona? Nyimbo ya amayi ako aakulu imathera kuno. Ine kuno sindikwanako. Ndikufuna imveke pa tsiku la chiliza, ndisanachoke pamudzi pano."

Maphunziro anayamba motero, masana ndikaweruka kusukulu. Ine ndinkaganiza kuti ndiyamba ndi chiphokoso chimene ndinkachimva pa Khirisimasi, pamene ankalumikiza gitala ku kabokosi kawo ka sipika ndi batire la galimoto, agalu a mudzi wonse n'kuyamba kuuwa. Ayi ndithu. Batire, anati, ndi la tsiku lalikulu, chifukwa kukatchajitsa kunali ku Boma, ulendo wotha nawo miyendo panjinga. Gitala yamagetsi yopanda magetsi imalira ngati udzudzu. Ndiye ankandikhazika pafupi ndi chitseko, n'kugunditsa mutu wa gitala pathabwa la chitsekocho. Thabwalo linkatenga kamawu kaja n'kukakulitsa pang'ono, mongokwanira anthu awiri. Ndinkanyansidwa nazo. Ndinkaona ngati andipatsa njinga yamoto n'kundiuza kuti ndiziikankha.

Nsambo zinandidula nsonga za zala mpaka kutuluka matuza, ndipo potsuka mbale madzi ankandiluma. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangotseka maso n'kunena kuti, "Iyayi, Felisita sankapita uko. Bwerera." Ndikathamanga ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono imeneyo ndinaida chaka chonse.

Tsiku lina nditatopa ndinawafunsa kuti n'chifukwa chiyani wopanga gitalayo anapanikiza mizere kumapeto ngati munthu amene munda wamuthera m'malire. Bwanji osaitalikitsa mofanana monga timachitira kumunda? Anaseka mpaka kutsokomola.

"Uku si kubzala chimanga, mwanaka. Ukamakwera, malo amachepa. Kumwambako ukaphonya pang'ono pokha, waimba nyimbo ina."

Ndi tsiku limenelo limene anandiuza mmene magitalawo anachulukira. Ali ku Halale, mkazi wawo ali kuno, ankafuna kumaimba nyimbo ija akamusowa. Anagula yofiira kwa woimba wina amene ankasamuka, koma nyimbo isanathe khosi linatha. Ankati akayambira pansi kuti ikwane, sinkamvekanso ngati Felisita, inkamveka ngati munthu wina wobwereka nyimbo. Anagula yachiwiri, kenako yachitatu, iliyonse yoposa inzake ndi kamzere kamodzi kapena tiwiri, koma mawu a mkazi wawo ankapitirirabe. Yachinayiyo anaipeza m'sitolo ya katundu wakale itachita fumbi, palibe woifuna chifukwa cha maonekedwe ake. Anaiyesa pomwepo, nyimbo n'kukwana mpaka kumapeto.

Amayi anga atamva kuti masana ndimakhala kumeneko, anapita okha kukaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwana wamkaziyu mukufuna adzakhale wa m'mabala? Adzamukwatira ndani mtsikana wokhwacha gitala?"

"Alamu, ndibwerekeni zala zokhazi mpaka pa chiliza," anayankha motsitsa mawu. "Ndikachoka mudzazitenga."

Amayi anayang'ana gitalayo, n'kuyang'ana ine. Anangoti ndisasiye kutunga madzi, n'kubwerera. Koma nyimboyo sankafuna kuimva. Tikayamba, iwo ankanyamula khasu kupita kudimba ngakhale dzuwa lili pamutu.

Tinakolola, njerwa zinaotchedwa, chiliza chinamangidwa. Kutatsala masiku ochepa, abambo aakulu anatuma achimwene anga a Maliko kukatchajitsa batire ku Boma. Analimanga pakaliyala ndi malegeni, n'kubwera nalo madzulo ali fumbi lokhalokha. Ine mtima unali dyokodyoko. Chaka chonse ndinali nditaimbira chitseko, tsopano mudzi wonse ukanandimva, ndi anzanga a kusukulu omwe amene ankandinena kuti ndine mnyamata.

Tsikulo linafika. Titabwerako kumanda anthu anadzaza pabwalo, thobwa likuyenda m'zikho, abale a abambo aakulu atakhala mbali yawo pansi pa mtengo wa mango. Amalume, eni mbumba, anaimirira n'kulankhula mawu osudzula: kuti mkamwiniyu anasunga mlongo wawo bwino, anamudwazika, anamuika, ndipo tsopano ndi womasuka. Abambo aakulu anawomba m'manja n'kupempha kuti asananyamuke pamveke kanyimbo kamodzi. Anatulutsa kabokosi kaja, n'kulumikiza mawaya. Ndinakhala pampando gitala ili pamiyendo, nditavala diresi yanga ya kutchalitchi. Ndinakhwacha nsambo. Kabokosiko kanangoti phwii, kagetsi kake kofiira n'kuzima.

Anagwedeza mawaya, anapala mitu ya batire ndi mpeni, koma kunali zii. Nditakweza maso ndinaona a Maliko akuzemba cha kuseri kwa nkhokwe. Zinadziwika pambuyo pake kuti iwo ndi anzawo anali atalumikizako wailesi masiku onsewo, kumvera mpira ndi nyimbo kuseri kwa khola, poganiza kuti batire la galimoto silingathe ndi kawailesi. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anaseka n'kunena kuti magitala a ku Halale afuna magetsi a ku Halale. Abale a abambo aakulu ankayang'ana dzuwa, poti ulendo unali wautali. Ine misozi inali italengeza, ndipo kunena zoona ndinkalirira ulemerero wanga, osati nyimbo.

Abambo aakulu anaima kanthawi atagwira waya m'manja. Chitseko chinali kutali ndi anthu, ndipo m'nyumbamo sakanakwanamo. Kenako anatembenukira kwa amayi anga.

"Alamu, mtondo wa akulu anu uli kuti?"

Unali kuseri kwa khitchini, utavundikiridwa chimwalirire mwini wake. Amayi anadzuka okha, n'kukaugubuduza mpaka pakati pa bwalo. Abambo aakulu anaugoneka chammbali, kukamwa kwake kuloza kwa anthu, n'kugunditsa mutu wa gitala pathupi pake, iwo atagwada n'kugwirizira ndi manja awo otupa aja.

"Imba monga umaimbira pachitseko," anandinong'oneza.

Ndinayamba. Mawu ake anali aang'ono, ngati munthu akuimbira m'nyumba yotseka. A kutsogolo anatontholetsa a kumbuyo, amayi ena anayamwitsa ana kuti asalire, ndipo anthu anayamba kusendera chokhala, mpaka ndinkamva mpweya wawo. Sindinaonepo bwalo lathu litakhala chete chotero. Nditamaliza mzere woyamba, pamalo pamene pamafunika wovomera, ndinadikira monga tinkachitira, kuwerenga mumtima. Koma ulendo uno mpatawo sunakhale wopanda kanthu. Amayi anga anavomera. Mawu awo anatuluka osasa, koma anavomera. Ndinatsogolera, iwo n'kuvomera, ndipo dzanja langa linakwera ndi khosi lija mpaka kumene mizere imapanikizana. Kamawu kotsiriza kanali kochepa ngati ulusi, koma sikanaduke. Nditakweza mutu ndinaona amalume, munthu wosalira pamaliro, akupukuta m'maso ndi chipewa. Abambo aakulu anali chigwadire, chipumi atachitsamiritsa pamtondo.

Dzuwa litapendeka anamanga katundu wawo panjinga: bulangete, khasu, kabokosi kaja ndi magitala atatu m'masaka. Ya khosi lalitali anaisiya itatsamira pamtondo. Amayi anga ndi amene anainyamula n'kuwathamangira nayo kumsewu.

"Alamu, mwaiwala iyi."

"Sindinaiwale," anatero. "Mkamwini amachoka ndi zake. Zitatuzi ndi zanga. Iyo ndi mawu a Felisita, ndipo Felisita ndi wa pamudzi pano."

Amayi anabwerera nayo ataifungata ngati mwana. Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za amene adzandikwatire.

Abambo aakulu ndinakawaonako kangapo kwawoko asanamwalire, koma pamudzi pathu sanapondenso. Lero ndine mphunzitsi, ndimakhala pa Boma m'nyumba ya magetsi, ndipo matenda awo aja anandipatsira: ndikamva kuti kwinakwake kuli gitala yakale yamagetsi imene mwini wake watopa nayo, ndimakwera kabaza kukaiona, ndipo chinthu choyamba chimene ndimayang'ana ndi pamene khosi lake lathera. Ana anga amandiseka monga tinkawasekera iwo. Ndili ndi sipika yoti ndikaitsegula aneba amatseka mawindo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti a Maliko anandiwonongera tsiku langa. Pano ndimaona kuti batire lija likanagwira, anthu akanaombera m'manja mwana wamkazi wodziwa gitala, ndipo amayi anga sakanapeza mpata wolowetsapo mawu awo. Ndinamvetsanso mochedwa kuti munthu amene tinkamuyesa wotolera magitala sankatolera magitala ayi. Ankasaka pofikira mawu a mkazi wake, ndipo atapapeza anakhutira.

Mtondo uja uli kwathu kuno, pakona ya chipinda chochezera, ndipo sitisinjiramo. Amayi anga, amene tsopano ndi okalamba, akabwera kudzacheza amakhala pamkeka n'kuloza sipika ndi ndodo yawo.

"Zimitsa chimenecho," amatero. "Bweretsa mtondo, ndimuvomere mkulu wanga."