Mawu a mlongo wanga m'kamwa mwa chilombo

Mwezi watha ndili pa mzere wa mankhwala kuchipatala ku Namitete, ndinamva mlongo wanga akuyankhula kumbuyo kwanga. Nditatembenuka ndinapeza ndi bambo wina akuonera filimu pa foni, osasamala za odwala anzake. M'filimumo chilombo chachitali ngati bulugama chinkathamangitsa galimoto, ndipo mawu ochiyankhulira anali a mlongo wanga, yemwe tinamuika m'manda kalekale: "Taimani akuluakulu! Ine chidyereni dzana!" Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinasiya mzere n'kukakhala pansi pa mtengo.

Mlongo wangayo anali mnyamata, wamng'ono kwa ine. Anamwalira ku Joni, ndipo amayi athu zaka zonsezi ankati anachoka pakhomo atawakwiyira. Nkhani imeneyi inkawadya kuposa nyamakazi.

Asanapite tinali ndi kanyumba koonetsera mafilimu pa Nsaru, kuseri kwa chigayo. Ine ndinkakhala pakhomo, iye ankagwira maiki n'kumamasulira: azungu akuyankhula zawo, iye akuika Chichewa pamwamba. Ndikuti kumasulira poti ndilo dzina la ntchitoyo, koma theka linali bodza lenileni. Chingerezi ankachimva bwino, kungoti ankati zonena za azungu n'zosakolera mchere.

Amene ankadzaza nyumba ndi mafilimu a zilombo zakale, zija amati madayinoso. Pati wani, pati thuu, pati firii, nkhani yake imodzimodzi: anthu osamva abwereranso ku chilumba kumene anzawo anadyedwa. Iye ankati, "Awa ndi alimi a fodya. Chaka chatha analira ku okushoni, chaka chino afesanso nazale." Alimi eni ake ndiwo ankaseka kwambiri. Inenso ndinkawakonda mafilimuwo, ndisaname, moti chilombo chikasuzumira pawindo ndinkaiwala kuti ndikulondera pakhomo, ana n'kumalowa ulere. Mnzake wina anajambula mawu akewo n'kuwamata pa mafilimu, ndiye anafalikira m'mafoni mpaka ku Kabudula ndi ku Nambuma.

Mafilimu atsopano tinkakaika pa fulashi kwa munthu wina ku Lilongwe. Munthuyo anali ndi mtima wa wogulitsa tomato: malo akatsala ankaikamo banyira, filimu iliyonse imene dzanja lagwera, iye osaionera n'komwe. Lolemba sitinkatsegula. Linali tsiku losesa ndi kuyesa zatsopano.

Lolemba lina masana, ine ndikusesa makoko a mtedza pansi pa mabenchi, iye anatsegula banyira uja. Munali amuna awiri. Wina wakuda ngati ife, wopita kukagwira ntchito yophika ku dziko lozizira, wina mzungu woyendetsa basi. Wakudayo ankaphunzitsa mnzake kudya ndi manja, mzunguyo n'kumapsa zala. Atagwirana manja sindinadabwe, kwathu kuno amuna amayenda chotero pa msewu. Kenako anapsompsonana.

Tsache linagwa. "Iwe, zimitsa zimenezo! Ukufuna atiotchere nyumba?"

Sanasunthe. Munthu amene pakamwa pake sipankatera ntchentche anali duu, misozi ikutsika mpaka pa kolala. Pamenepo ndinakumbukira atsikana onse amene amayi ndi amalume ankamusonyeza, iye n'kumazemba kuti ayambe wamanga nyumba ya malata. Ndinachita mantha, komanso ndinamumvera chisoni chimene sindinamverepo munthu. Ndinakatseka chitseko ndi mpiringidzo n'kudzakhala pa benchi yomweyo.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse tinkaionera, mawu titatsitsa. Sitinakambirane kanthu. Mtima wanga unkakhala uli m'mwamba kuti wina asuzumira pa mng'alu wa chitseko, chifukwa nkhani yotere ikatuluka kwathu kuno munthu amafa akuyenda, pa mjigo, kutchalitchi, paliponse. Koma filimuyo ndinayamba kuikonda. Ndinkadikira malo amene mzungu uja amayesa kutchula moni wa kwawo kwa mnzakeyo n'kulephera. Ndikafunsa kuti, "Kodi apa akuti chiyani?" ankangoti, "Achemwali, maso muli nawo." Munthu woyankhulira zilombo ankakana kuyankhulira anthu awiri amenewa.

Kenako amalume anapeza mtsikana ku Mpingu, wakhalidwe, woimba kwaya. Amayi anamuuza mlongo wanga kuti atopa kuchita manyazi, ndipo akakana uyu asawatchulenso amayi. Iye sanakane. Anangoti ayambe wapita ku Joni akakonzekere ukwati.

Lolemba lomaliza anatenga maiki, osailumikiza n'komwe, n'kumasulira filimu yonse kwa ine ndekha. Panalibe nthabwala ngakhale imodzi. Kumapeto wakuda uja amabwerera kwawo, ndipo awiriwo amaima pa siteshoni atagwirizira jekete imodzi. Mlongo wanga anayankhula ndi mawu ake enieni, otsika.

"Akuti, ndikupita, koma sindinakwiye. Akuti, ndikakhala ndinamiza mwana wa eni ake moyo wake wonse. Akuti, zikomo poti unandiona ndipo sunatuluke. Akuti, amayi ukawauze kuti sindinawakwiyire, anachita zimene amadziwa."

Ndinalira, kulirira anthu a m'filimu. Ndinamuuza kuti azungu nawonso amadziwa kulemba nkhani. Anaseka pang'ono n'kukulunga chingwe cha maiki.

Anapita, ndipo kwa kanthawi ankaimba foni. Akafunsidwa za ukwati ankati zinthu sizinalongosoke, mpaka mtsikana uja anakwatiwa ndi wina. Kenako mafoni anachepa. Anabwera m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, anzake akuti chinali chifuwa. Kanyumba kaja ndinatseka, pano mumagulitsidwa feteleza. Koma zilombo sizinasiye kuyankhula. Ndamumvapo m'minibasi akuopseza asilikali, ndamumvapo pa chigayo akudandaula njala. Wina wa ku Kasiya anandifunsa chaka chatha kuti bwanji pati yatsopano anamasulira munthu wina wosakoma. Ndinangoti mwini wake anachoka.

Tsiku lija la ku Namitete nditafika kunyumba ndinafukula fulashi ija m'chikwama cha nsalu. Mwana wanga wamkazi, yemwe pano ndi mphunzitsi, anali atabwera kudzationa. Ndinamupempha andiikire pa kompyuta yake, kumapeto kokha, chifukwa ndinkafuna kumvanso mawu aja ngakhale m'kamwa mwa wina.

"Kodi apa akuti chiyani?"

Anamvetsera, n'kubwezanso kumbuyo. "Akukangana za jekete, amayi. Uyu akuti tenga, uyu akuti kwathu n'kotentha, ndikaitani nayo."

"Kenako?"

"Basi. Akuti sitima yafika."

"Za amayi ake sakunenapo?"

"Ayi, palibe. Mwatani kodi, amayi?"

M'maganizo mwanga ndinaona benchi ija, maiki yosalumikiza, ndi iye akuyang'ana kanema m'malo moyang'ana ine. Ndinkadziwa bwino kuti theka la kumasulira kwake linali lopeka yekha, koma tsiku limenelo lokha ndinamukhulupirira mawu ndi mawu.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi. Ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga, maso awo aja osaona bwino ali ku msewu. Ndinagwada pafupi.

"Amayi, mwana wanu uja anati ndikuuzeni kuti sanakukwiyireni. Anati munachita zimene mumadziwa."

Manja awo anaima. Chitsononkho chinagwera m'lichero.

"Wakuuza liti?"

"Dzulo," ndinatero.