Ndinakwecha fuloti ndi phulusa

Adzukulu anga amati sindikhulupirira munthu, ndipo sakunama. Mlendo akalowa pakhomo panga ndimayamba kumuyang'ana m'manja, kumaso pambuyo. Koma alipo munthu mmodzi amene ndikamukumbuka ndimalakalaka nthaka itandimeza, ngakhale lero.

Inali nthawi ya Chitaganya, tili pa pulazi ya fodya ku Tengwe. Bambo a ana anga anali makanika wa pamenepo. Mzungu wathu anali ndi boti pa damu, la injini yakalekale yomangirira kumbuyo. Madzi a Kariba anali atayamba kudzaza, azungu onse misala yowedza itawagwira, ndiye analamula kuti injiniyo ikonzedwe, Loweruka la sabata yotsatira apita nayo.

Pa komboni panali mwamuna wina wa ku Tete, wowotcha fodya m'mabalani. Bambo akamamasula chitsulo, iye ankakonda kuima pafupi n'kumaonerera. Ine ndinati ameneyu akufuna basa la amuna anga. Munthu angaime padzuwa chonchija popanda cholinga?

Bambo anamasula kabuleta, kaja kosakaniza petulo ndi mpweya, n'kubwera ndi tizitsulo take kunyumba m'chitini cha parafini. Ndinamuona wa ku Tete uja atatola kamodzi, n'kukatembenuza, n'kukabwezera. Onse atabwerera kuntchito ndinakhuthulira tizitsuloto pansanza. Tonse tinali toyera kupatula kamodzi, kamtengo kamene amati fuloti, kopepuka ngati chotsekera botolo, kopakidwa zinthu zofiirira, zouma gwa. Ndinakanunkhiza. Mtima unati ndi zimenezo, wapaka mankhwala kuti injini ikane.

Ndinatenga phulusa ndi mchenga monga ndimachitira ndi mapoto, n'kukakwecha mpaka kuyera mbuu. Ndinakapemphereranso. Bambo anazolowera mafuloti amkuwa a m'mathirakitala, wamtengo anali asanamuonepo, ndiye ataona kayera anangoti parafini watsuka bwino.

Tsiku loyamba injini inalira bwino, ine n'kumaseka chamumtima. M'mawa mwake petulo anayamba kudontha pansi pa kabuleta. Ife akazi tinkachapa kumunsi kwa damulo, ndipo tinaona madzi atachita mawanga a utawaleza. Mzungu anabwera, ananunkhiza, n'kuuza foromani kuti Loweruka likafika ikudonthabe, bambo akatenge chitupa chawo ku ofesi. Pa pulazi ntchito ikatha, nyumba yathanso. Tinali ndi ana anayi, wina kumsana, ndipo kwathu ku Nyasalande tinachokako wapansi.

Bambo anayamba ndi paipi ya petulo, anaimanga ndi waya. Kudonthabe. Anadula gasiketi yatsopano, ija yotseka mpata polumikizira zitsulo, pa katoni ya sopo. Kudonthabe. Anatulutsa kasingano kotseka petulo, anakapukuta, anapemerera m'kabowo kake ndi pakamwa mpaka milomo inang'aluka. Tho, tho, tho, osaleka. Ine sindinaganize n'komwe za phulusa langa. Ndinati mankhwala aja analowerera mkati, ndipo pochapa ndinawanong'oneza amayi awiri kuti wa ku Tete walodza injini. Pofika madzulo komboni yonse inali itamva. Mkazi wake ankapereka moni osayankhidwa.

Lachinayi masana ndinawatengera bambo chakudya kudamu. Ndili pomwepo, mwini nkhani uja anatulukira, n'kunjuta pambali pawo.

"Achimwene, petulo mwamwayu wakwana," anatero. "Mukayatsa fodya lero, mutu wanu tikautola ku Karoi. Tandipatsani fuloti."

"Fuloti alibe mlandu. Taonani mmene anayerera."

"Kuyerako ndiye mlandu wake."

Anati anagwirapo ntchito m'maboti a Apwitikizi pa Zambezi. Anakafinya ndi zala, petulo n'kutuluka ngati madzi m'chinkhupule.

"Kameneka kamayenera kuyandama, kuti kakankhe singano, petulo atsekeke. Vanishi akachoka kamamwa petulo, kamalemera, kamamira. Nanga singanoyo akankhe ndani, agogo anu?"

Bambo anaseka, koyamba sabata imeneyo. Mwamunayo anapala ndi chikhadabo m'kamng'alu ka fulotiyo, ndipo panatuluka zotuwa. Anayang'ana chikhadabo chake. Kenaka anayang'ana manja anga, amene ndinali nditawabisa kale m'chitenje.

"Nanga vanishiyo wachotsa ndani?" anafunsa bambo.

Ndinadikira. Akanati andiulule, zinali zondiyenera, pakuti nayenso anali atamva zimene ndinafalitsa.

"Ukalamba, achimwene," anatero, akupukutira chikhadabo pa kabudula. "Ngakhale inu tsitsi likuyoyoka, wakukwechani ndani?"

Anakaumitsa pa njerwa zotentha za balani, anapempha vanishi kwa kalipentala, anakapaka kawiri. Loweruka m'mawa anayala pepala pansi pa kabuleta, injini ikulira, ndipo pepalalo linakhala louma. Mzungu anakweza boti pa lole, osanena ngakhale zikomo. Chitupa chinatsala ku ofesi, ife tinatsala m'nyumba.

Patapita masiku ndinakumana naye pa pampu, tili awiri okha.

"Alamu," anatero, "mapoto anu ayenera kuti amawala kwambiri."

Basi, anasenza chigubu chake n'kumapita.

Ndikanabwerera kochapira kuja n'kunena kuti ndinanama. Sindinapite. Amayi aja anayamba kunena kuti wa ku Tete wakonza msanga chifukwa wolodza ndiye amadziwa kumasula, ine ndikungofikisa zovala pamwala. Mkazi wake anayamba kuchapa yekha kutsidya. Ana awo ankathamangitsidwa pamasewera, ndipo anga omwe ankathamangitsa nawo. Fodya atatha kusankhidwa anamanga katundu, tinamva kuti apita ku migodi ya ku Shamva.

Ndinali nditapatula nkhuku yathadzi yoti ndikawapatse, ndikumati mawa, mawa. Tsiku limene ankakwera lole ndinaimanga miyendo, ndinafika nayo kuseri kwa shedi, ndinaona anthu ali bii pamsewu, ndinabwerera. Inaikira mazira pakhomo panga mpaka kukalamba.

Bambo anamwalira akudziwa kuti unali ukalamba wa fuloti. Nkhaniyi ankaikonda, ankaikamba paliponse, ndipo akafika pa tsitsi paja ankandigunda ndi chigongono kuti ndiseke nawo. Ndinkaseka.