Chilonda Chimene Avelino Anandibisira

Anzanga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinachedwa kukwatiwa. Lero ndikuuzani.

Munali mu 1985, nkhondo ili mkati. Ine Inês ndinali ndi zaka 22, enfermeira, kapena kuti namwino, watsopano ku Furancungo. Tsiku lina kunabwera mphunzitsi wamtali atadzitema chala ndi chikwanje. Nditamanga chalacho, ndinamugwira pamkono kuti ndiwerenge kugunda kwa mtima.

"Musavutike," anatero akuseka. "Ndi setenta, makumi asanu ndi awiri. Mawanso mudzapeza setenta."

"Mwadziwa bwanji, aphunzitsi?"

Anamasula mabatani awiri. Pansi pa phewa lakumanzere panali chipsera ndi kotupa kangati bokosi la machesi.

"Mtima wanga ndi waulesi. Madokotala a ku Harare anandiikamo kamakina ka batire koti kaziudzutsa. Ine ndine Avelino."

Chala chinapola m'sabata imodzi, koma munthu ankabwerabe. Lero mutu, mawa msana... mpaka ndinamufunsa, "Kodi mukudwaladi inu?"

"Ayi. Ndikufuna iwe."

Eee anzanga, ndinamukonda! Loweruka ankandikweza panjinga kupita kumsika, akuimba nyimbo zakutchalitchi mophonyaphonya. Tinagwirizana zomanga ukwati tikakolola.

Kenako anamusamutsira kwawo ku Tsangano. Makalata ankabwera, kenaka anayamba kufupika, kenaka zii.

Mu Okutobala ndinalimba mtima, ndinayenda masiku atatu m'njira zakutchire kukamuona. Ndinamupeza atawonda, atavala jekete lomanga mpaka pakhosi dzuwa likuswa mtengo. Nditathamanga kuti ndimukumbatire, anabwerera m'mbuyo.

Ndipo ankanunkhira perefyumu. Avelino amene sankadzola ngakhale mafuta!

"Ndi wa ndani perefyumu ameneyu?"

"Inês, desculpa, pepa. Pita ku Malawi kwa azakhali ako. Usandidikire."

"Ndiye kuti alipo wina?"

Anangowerama. Sindinafunsenso. Ndinamuponyera mpango umene anandigulira, ndi kuwoloka malire tsiku lomwelo, ndikulira njira yonse.

Patatha masabata atatu, mlongo wake Gertrudes anandipeza kwa azakhali, mapazi atatupa.

"Alamu, tiyeni. Achimwene sakudzukanso."

"Akawaone mkazi wawoyo."

"Mkazi uti? Perefyumu uja ndi wanga! Ankabisa fungo la chilonda."

Meu Deus, Mulungu wanga...

Nditafika ndinamuvula jekete ndekha. Thupi linali moto. Pamalo pa kamakina paja panali patafiira, patang'ambika, mafinya akutuluka, chitsulo chikuonekera. Ndinadziwa kuti tizilombo talowa, tatsata mawaya mpaka mumtima. Zoterezi mapiritsi okha sathetsa. Pamafunika chipatala chachikulu, achotse kamakina konse ndi mawaya omwe.

"Chinayamba liti?"

"Mu Julayi. Ndinagwa panjinga tikuthawa mfuti, khungu linasupuka pang'ono."

"Julayi! Ine enfermeira, iwe osandiuza?"

"Ukanati tikwere coluna ya ku Tete, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja. Ndimakudziwa, sukanandisiya ndipite ndekha. Mwezi womwewo inawotchedwa kawiri. Ndinati bola undide uli moyo."

Tinamunyamula pamachira, ine, Gertrudes ndi amuna awiri akutchalitchi, mpaka pa kachipatala ka mishoni tsidya la Malawi. Anamubaya majekeseni. Dokotala anandiitanira panja.

"Mayi, magazi onse awonongeka. Akanabwera mwezi wapitawo, tikanamutumiza kwina."

Mwezi wapitawo, anzanga. Nthawi imene ine ndinaima patsogolo pake, n'kumanunkhiza perefyumu m'malo momugwira pachipumi.

Anakhala masiku anayi. Tsiku lachitatu anatsegula maso.

"Wakwiyabe?"

"Kwambiri."

"Ndiye khala pompano, undikwiyire pafupi."

Anamwalira mawa lake masana, mutu uli pamiyendo panga. Tinamuika komweko, poti kumudzi kwawo anthu anali atathawa.

Ndinakwatiwa patapita zaka khumi ndi chimodzi, pano ndili ndi ana, ndipo bambo awo nkhaniyi amaidziwa. Koma mpaka lero sindidziwa woti ndimuimbe mlandu. Iye sanandikhulupirire kuti ndingapirire choonadi. Ine sindinamukhulupirire mpaka kufunsa kachiwiri.

Munthu wanu akasintha mwadzidzidzi, musathamangire kunyamula chikwama. Khalani pansi, mufunsenso. Ine ndinafunsa kamodzi kokha.