Uthenga wa Maliro M'kamwa mwa Wachibwibwi

Anandiitana Lolemba m'mawa, m'chisanu cha 1976, ndikuwotcherera geti ku shapu ya ku Workington. Kapitawo anati, "Achimwene, akukufunani panja." Sanandiyang'ane m'maso. Panjapo panali galimoto ya apolisi, mzungu mmodzi ndi akuda awiri.

Adzukulu anga amati pakamwa pa agogo sipatsekeka ngati chitseko cha bawa ya ku Machipisa. Ana opanda mwambo! Sadziwa kuti kale ndinali wachibwibwi choopsa. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, chifukwa aphunzitsi akandifunsa dzina, belu linkalira ndisanamalize. Mkazi anakandifunsirira ndi amalume, ine ndikungogwedeza mutu, ndipo mpaka lero mayiyo amati anakwatiwa ndi amalume anga.

Mlandu unachokera ku bungwe lathu la maliro, la ife ochokera ku Malawi amene tinkagwira ntchito m'dziko la eni, lolamulidwa ndi azungu. Wina anakanena kuti tikakumana Lamlungu timatumiza anyamata ku nkhondo ku Mozambique. Ine ntchito yanga m'bungwemo inali kunyamula mabenchi.

"Taura, mubhurandaya!" anakuwa wapolisi. Ndiko kuti lankhula, iwe wa ku Blantyre. Ndinafuna kunena kuti sindikudziwa kanthu, koma panangotuluka "si-si-si". Mzungu anati ndikumuseka. Anandigoneka pa benchi nandivula nsapato. Zimene zinachitika kumapazi anga sindilemba, koma nsapato zija sizinandikwanenso. Magetsi ndinkawadziwa kuntchito, koma kupolisiko ndinawadziwa mwa mtundu wina. Atatopa, wapolisi wina anati, "Uyu ndi wouma mtima." Ndinasanduka ngwazi chifukwa cha lilime lolemala.

M'chitolokosi ndinapezamo bambo wina wachikulire wa ku Chipata, telala wa pakhonde la sitolo ku Highfield. Mwana wake anawoloka malire kukalowa nkhondo. Bamboyo atagwidwa, anyamata ena a mumsewu wake anagwidwanso, ndipo akaidi atsopano anabwera ndi mbiri yakuti iye ndiye anawagulitsa. Nthiti zake zinali zothyoka, ankatsokomola magazi.

Tsiku lina masana anandikoka malaya.

"Mphwanga, ine ndatha. Ukatuluka ukapite kwa mayi a kunyumba. Ukanene ziwiri: kuti ndafa, asandidikire, amete tsitsi. Ndiponso kuti sindinatchule mwana wa munthu aliyense."

"Ba-ba-bambo, tu-tumani wina."

"Wina uti? Enawa ndi a kuno. Mkazi wanga amve za imfa yanga m'chilankhulo cha eni? Uthenga wa maliro umanenedwa pamaso, m'chinenero chimene munthu amalirira." Anaseka mpaka kutsamwa. "Taona nthabwala za Mulungu. M'ndende yonseyi wandisankhira iwe."

Anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anamutulutsa m'bulangete. Mawa lake mlonda anati, "Uja wasamutsidwa." Bulangete linabwerera lokha, ndipo ndinalifunda ine.

Kenaka ananditumiza ku kampu ya otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Anandipatsa ntchito yopukuta simenti pakhonde la ofesi, chogwada. Pamenepo ndinazindikira kuti ndikakankha chisanza kamodzi n'kutulutsa liwu limodzi, liwulo limatuluka lathunthu. Kukankha, liwu. Kukoka, liwu. Ndinayamba kuuza simenti uthenga uja tsiku ndi tsiku.

"Wapenga uyu, akufunsira mbeta pansi," anatero mlonda, nandiponda dzanja ndi jombo. Chala ichi chokhotachi ndi chake.

Anzanga anandithandiza mwa njira yawo. Mmodzi, mphunzitsi wa ndevu, ankafunda thaulo kumutu n'kukhala mkazi wamasiye, ine ndikunjuta patsogolo pake. Ndikakakamira, ankandimalizira mawu. Ndinamuchenjeza, sanamve, ndiye ndinamuluma khutu. Anationjezera chilango tonse awiri, koma sanandimalizirenso.

Zaka zinapita. Ena anadwala misala, ena anatuluka m'mabulangete. Ine ndikafuna kugonja ndinkakumbuka kuti ndikafa, bambo uja afa kachiwiri, ndipo afa ali wogulitsa ana a anzake. Mawu ena onse ndinawagonjetsa, koma liwu lakuti "atisiya" linkandikanirira pakhosi.

Anatimasula kumayambiriro kwa 1980, nkhondo itaima. Basi inanditsitsa ku Machipisa, ku Highfield konko. Kwathu sindinayambe ndapita, pakuti wonyamula uthenga wa maliro sapatuka.

Ndinaipeza nyumbayo. Mayi wowonda anatsegula chitseko, ndipo kumbuyo kwake ndinaona makina osokera atafunditsidwa nsalu yoyera. Ndinavula chipewa, ndinakana mpando, ndinanjuta pakhomo. Iye anaona zimenezo, nagwira chitseko mwamphamvu.

Mwambo sulola kuuza wamasiye ali yekha. Ndinatuma mtsikana wodutsa kuti aitane amayi oyandikana nawo. Anabwera chokoka miyendo, naima patali manja ali m'chiuno. Anali amayi a anyamata ogwidwa aja, ndipo zinkaoneka kuti pakhomopo anasiya kalekale kupereka moni.

Maso onse anali pa ine. Chisanza ndinalibe, ndiye ndinaika chikhatho pa simenti ya pakhomo n'kuyamba kupukuta.

"Mayi. Ndachokera. Kundende. Bambo. A-a-a-a..."

Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Palibe anaseka. Palibe anandimalizira.

"Atisiya," ndinatero. "Ndinali nawo. Anati musadikire. Mumete. Anati sanatchule mwana wa munthu. Anawathyola nthiti, sanatchule."

Mayiyo anagwa pansi. Woyamba kumugwira anali mayi wa manja m'chiuno amene anaima kutali kuposa onse, ndipo ndiye anayambitsa kulira. Maliro anachitika opanda mtembo. Mabenchi ndinanyamula ine.

Ufulu utabwera, anthu anavina m'misewu ya Highfield, ine ndinaonerera chokhala chifukwa cha mapazi. Mtembo wa bambo uja sunapezeke, ndipo mwana wake sanabwerere. Ine ufulu ndinaulawa pakhomo paja, pamene anthu anadikira kuti ndimalize ndekha mawu anga, popanda chibakera. Ndiye inu adzukulu, ndikayamba kulankhula, khalani pansi mudikire.