Nambala ya Filiza Itasowa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi. Titatuluka m'mapemphero, amake Dalitso anandinong'oneza kuti gulu la asodzi ku Boma likufuna munthu wosamala chipinda cha filiza, chozizira chosungiramo nsomba. Ine wa giredi seveni, wa ana atatu, ananditenga. Mulungu yekha.

Filizayo imayendetsedwa ndi kakompyuta kopachika pakhoma. Amene anakaika ndi ba Mutinta, mtsikana wochokera ku Lusaka. Anandiphunzitsa kuti pulogalamu ikamayamba imafunafuna mzere wakuti MALIRE_FILIZA, ndipo nambala yolembedwa pamenepo ndiyo imauza injini kuzizira kofunika. Yathu inali -18.

"Ikapanda kuupeza mzerewo sidandaula, amai," anatero. "Imangotenga nambala imene inabwera nayo, 5. Imeneyo ndi ya tomato."

Tsiku lina m'nyengo yotentha magetsi anazima, n'kuyakanso. Kakompyuta kanadziyambitsa, nyali yake yobiriwira bwinobwino. Masana ndinalowa kukaika mapende, nsomba zochokera ku Kavalamanja. Nditakhudza mapende apansi amene anali kale m'filizamo, chala chinalowa. Madzi anali kudontha m'makatoni.

A Tembo, mwini wa theka la nsombazo, anali pakhomo.

"Amake Chisomo, loli ya ku Lusaka ibwera mawa. Zikaola, ana anga adya kompyuta yanuyo?"

Ndinaimbira ba Mutinta, mawu akudukaduka. Anati ndiwerenge pasikirini. Malire: 5.

"Mayo. Nambala ija ndinangoilemba pawindo lakuda lolamulirapo kompyuta, sindinaisunge m'fayilo. Yapita ndi magetsi. Mulemba ndinu, amai."

Ndinati Ambuye, zala izi n'zanu. Ndinatsegula fayilo yotchedwa .env, imene pulogalamu imawerenga ikamayamba, monga ba Mutinta anandiuzira, n'kulemba MALIRE_FILIZA=-18, chilembo chimodzichimodzi, a Tembo akupumira m'khosi mwanga. Ndinasunga, ndinazimitsa kakompyuta, n'kukayatsanso. Chete. Foni nayo inaduka.

Kenaka injini inalira.

Tinaluza makatoni awiri apansi; nsomba zake tinazigawa kuti anthu akayanike. Zina zonse zinakwera loli. A Tembo anandisiyira pende wamkulu.

Ba Mutinta ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa sanabise, ndipo sanandisiye. Koma nyali yobiriwira ndinaleka kuikhulupirira. M'mawa uliwonse ndikatha kupemphera, ndimawerenga nambala imene makinawo akugwiritsa ntchito, kenaka ndimalowa n'kudina nsomba ndi chala.